Ka "w" kamodzi kakusesa kaundula wa zokolola

Nyengo yogula mbewu ino ndayendera makalaliki a makopaletivi angapo kuno ku Kasungu omwe amasunga kaundula wa zokolola m'mafayilo a HDF5 (mtundu wa fayilo yosungira deta pa kompyuta) kudzera mu h5py, chida cha chinenero cha mapulogalamu cha Python chowerengera ndi kulembera mafayilowa, ndipo ndapeza matenda amodzi paliponse. Munthu akamatsegula fayilo m'pulogalamu yake, pa chilembo chonena mmene itsegukire amangolemba "w". Abale, "w" sikuti ukuwonjezeramo ayi. Fayilo ikakhala ilipo kale, h5py amayikhuthula yonse n'kukupatsa yopanda kanthu, osakufunsa, osadandaula. Mwasanja bwinobwino nthambi zanu, /2024/Santhe/soya uku, /2024/Chamama/mtedza uko, ndiye kachilembo kamodzi kagwetsa mtengo wonse patsinde.

Mlungu wathawu bambo wina wa ku Chamama anapalasa njinga m'mamawa kudzalandira ndalama za matumba ake a soya. Kalaliki wasakasaka, dzina palibe. Bamboyo anavula chipewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, si ndinakuona ndi maso angawa ukulemba m'makinamo?" Kalalikiyo analembadi. Kungoti madzulo ake anayendetsanso pulogalamu ija kuti alowetse za mlimi wina, zonse za m'mbuyo n'kupita. Chinawapulumutsa ndi lisiti imene mayi a kunyumba anapinda m'chitini cha mchere. Alimi ena a tsiku lomwelo analibe lisiti, mpaka pano nkhani ili kwa komiti.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi chizolowezi chotseka pulogalamu pakamwa. Wina amaona uthenga wofiira ukumutopetsa, basi amakulunga zonse mu except yopanda dzina, yomwe imagwira cholakwa chilichonse, pansi pake pass, kutanthauza kuti osachitapo kanthu. Komatu mitundu ya zolakwa inasiyanitsidwa dala. KeyError akukuuza kuti njira wayitchulayo mulibe m'fayilomo, mwina walemba "Sante" m'malo mwa "Santhe". ValueError pa create_dataset, lamulo lopangira dataseti (gulu la deta m'fayilomo), akukuuza kuti dzinalo lili ndi mwini kale, usapondepo. FileExistsError, yemwe amabwera ukatsegula ndi "x" osati "w", akuti fayilo ilipo, ima kaye. Ukazimeza zonse pamodzi, kulakwitsa kalembedwe ndi kufufuta zokolola za munthu zimaoneka chimodzimodzi, ndipo udzazindikira tsiku lolipira. Anyamata amene mukudzilembera timapulogalamu pamwamba pa h5py, musamaponye Exception wamba pa chilichonse. Dzina likasowa ponyani KeyError, ndipo kulemba pamwamba pa zomwe zilipo kuzikanidwa pokhapokha munthu atapempha yekha ndi overwrite=True yomwe mwaikamo nokha m'pulogalamu yanu.

Zochita n'zochepa. Powerenga "r", powonjezera "r+" kapena "a", popanga fayilo yatsopano "x", yemwe amakana ngati ilipo kale. Gwirani cholakwa chilichonse ndi dzina lake. Mukafunadi kusintha dataseti, kopani fayilo pa fulashi kaye, kenako fufutani datasetiyo ndi del. Musadabwe fayilo ikapanda kuchepa kukula mutafufuta, imeneyo ndi ntchito ya h5repack, pulogalamu yolongedzanso mafayilo a HDF5.