Kukoka HP1 pogwiritsa ntchito peptide ya H3K9me3

HP1 ndi puloteni yomwe imagwira histone H3 (imodzi mwa mapuloteni amene DNA imakulungidwapo) ikakhala ndi methyl atatu pa lysine 9, zomwe zimalembedwa kuti H3K9me3. Itanitsani peptide (kachidutswa ka puloteni) ya histone H3, ma amino acid 1 mpaka 21, yokhala ndi methyl atatu pa lysine 9. Biotin, yomwe imamatira ku streptavidin pokoka peptideyo, ikhale kumapeto kwa C. Mukaiika kumutu kwa N, mapuloteni ena, monga ING2 amene amagwira H3K4me3 (methyl atatu pa lysine 4), sagwira bwino chifukwa amafuna alanine woyamba ali womasuka. Gulaninso peptide yomweyo yopanda methyl, yoyerekezera nayo. Popanda imeneyi zotsatira zanu sizitanthauza kanthu.

Sungunulani ufa wa peptidewo m'madzi oyera kufika 1 mg/ml, gawani m'timachubu, sungani pa -20°C. Kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumaiwononga.

Sakanizani 1 µg ya peptide ndi 1 µg ya HP1 mu 300 µl ya Tris 50 mM pH 7.5, NaCl 150 mM, NP-40 0.05%. Zizizungulira usiku wonse pa 4°C. Thirani timikanda ta streptavidin kwa ola limodzi, tsukani katatu, kenako chitani western blot, njira yoonera ngati HP1 yakokedwa ndi timikandato.

HP1 ikaonekera ngakhale pa peptide yopanda methyl, kwezani mchere (NaCl) kufika 300 mM. Ikasowa paliponse, onani ngati serine 10 alibe phosphate, chifukwa phosphate pamenepo imachotsa HP1.