Momwe mungafufuzire fangasi pa CT ya wodwala chibayo cha vayirasi

Wodwala chibayo cha COVID-19 kapena fuluwenza akakhala ku ICU masiku angapo kenako n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, thupi kutenthanso chonsecho maantibayotiki akulandira, okosijeni akufunika wambiri kuposa dzulo, mwina makhololo ayamba kubwera ndi magazi, chonde anzanga fangasi ibwere m'mutu msanga. Ambirife timathamangira kusintha antibayotiki basi, kuiwala kuti vayirasi imakhala itasupula kale mkati mwa njira za mpweya, ndiye Aspergillus, mtundu wa fangasi, amene tonse timapuma tsiku ndi tsiku amapeza polowera, ukawonjezerapo dexamethasone ndi tocilizumab, mankhwala otsitsa chitetezo cha thupi, komanso shuga wokwera ndiye zimangomuyendera. Kafukufuku wa m'ma ICU a ku Belgium ndi Netherlands amene anatuluka mu 2018 anapeza aspergillosis, matenda oyambitsidwa ndi Aspergillus, mwa odwala fuluwenza 19 pa 100 aliwonse, ndipo ngakhale mwa omwe chitetezo cha thupi chinali bwinobwino 14 pa 100 anali nayo. Pa fuluwenza imabwera msanga, masiku oyambirira omwewo a ku ICU, pa COVID-19 imakonda kuchedwerako.

Ekisire ya pabedi ija musaidalire kwambiri pa nkhaniyi. Wodwala wagona chagada, sangakoke mpweya n'kuusunga, mapapo onse awiri ndi oyera kale ndi vayirasi, kadontho ka sentimita imodzi simungakaone. Ntchito yake n'kufananiza ya lero ndi ya dzana, mukaona bowo latsopano kapena chibulumwa chomwe kunalibe pemphani CT, sikani yojambula mapapo m'masilaisi, ndipo ngakhale osaona kanthu koma wodwala akuipiraipira pemphanibe ngati angathe kunyamulidwa bwinobwino.

Pa fomu lembani zenizeni: tsiku lomwe matenda anayamba, tsiku lomwe analowa pa makina opumira, masiteroidi ayamba liti, shuga, HIV ndi CD4 yake, ngati anadwalapo TB. Wowerenga sikani akangolandira fomu yolembedwa "chibayo" adzakubwezerani lipoti lolembedwanso chibayo. Pemphani masilaisi opyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo impso zikakhala kuti zili bwino ikani contrast, mankhwala obaya oti mitsempha ioneke bwino pa sikani, chifukwa odwala COVID-19 magazi amaundana m'mitsempha ya m'mapapo kawirikawiri ndipo malo omwe afa chifukwa chosowa magazi amafanana kwambiri ndi fangasi.

Mukatsegula zithunzi yambani ndi kudzifunsa kuti mwa zonsezi, vayirasi payokha ingafotokoze ziti. COVID-19 imakonda ground glass, kuja mapapo amaoneka ngati mwagwa chifunga koma mitsempha ikuonekabe mkati mwake, mbali zonse ziwiri, cham'mphepete ndi cham'munsi kumbuyo, pakapita masiku mumabwera timizere ta crazy paving kenako malo ena amalimba n'kukhala consolidation. Fuluwenza imasakaniza ground glass, consolidation ndi timadontho ta m'njira za mpweya. Zimenezi mukaziika pambali, yang'anani zotsala, pamenepo ndi pomwe pali nkhani.

Zomwe ziyenera kukuimitsani ndi izi. Nodule, kutanthauza kachibulumwa kozungulira, yooneka bwino malire ake, imodzi kapena zingapo, makamaka yoposa sentimita imodzi. Bowo mkati mwa consolidation kapena mkati mwa nodule, chifukwa COVID-19 payokha siikonda kuboola mapapo. Consolidation yosongoka yomwe tsinde lake lagunda pleura, kachikopa kokuta mapapo. Pa mediastinal window, kaonetsedwe ka CT koonetsa bwino minofu ndi mitsempha, onaninso pakati pa consolidation ngati pali malo odera omwe contrast sinalowe, mnofu pamenepo wafa, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimaoneka bowo lisanapangike. Ndiye pali mtundu wa Aspergillus woyenda m'njira za mpweya umene kwa odwala vayirasi ndi umene timakumana nawo kwambiri, makoma a bronchi (timapaipi ta mpweya) onenepa, timadontho ta tree-in-bud tooneka ngati nthambi yophukira, consolidation yozungulira bronchi, zinthu zoti bakiteriya wamba amapanganso ndiye zimapitirira anthu osaziona.

Za halo sign ndiye ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa yasocheretsa ambiri. Halo ndi nodule yozunguliridwa ndi ground glass, ndipo ground glass imeneyo ndi magazi omwe atayikira m'mbali fangasi italowa mu mtsempha. Tinaiphunzira kuchokera kwa odwala khansa ya m'magazi omwe ma neutrophil awo, maselo oyera olimbana ndi matenda, atha, kwa iwowo imaoneka masiku oyambirira n'kuzimirira, kenako ma neutrophil akabwerera pamabwera air crescent, kampata kopindika ka mpweya kozungulira mnofu wakufa. Wodwala COVID-19 kapena fuluwenza ma neutrophil ali nawo, fangasi imayamba kukula mu njira za mpweya isanafike ku mitsempha, ndiye halo kawirikawiri siioneka, komanso ikanakhalapo mungaione bwanji pomwe mapapo onse ndi ground glass kale? Mukaiona, ndi chizindikiro champhamvu ndithu. Mukapanda kuiona musalembe kuti fangasi palibe, lipoti lotero limachedwetsa mankhwala ndipo aspergillosis ku ICU imapha anthu ambiri zedi.

Reversed halo ndi yotembenuza, ground glass pakati, mkombero wolimba kunja. Kwa wodwala shuga wosalamulirika amene walandira masiteroidi ganizirani mucormycosis, matenda a fangasi ina yotchedwa Mucorales, makamaka mkomberowo ukakhala wonenepa, ma nodule akapitirira 10, kapena pali madzi mu pleura. Ku India mu 2021 matendawa anabuka mwa anthu masauzande ambiri omwe anadwala COVID-19, ambiri inawagwira m'mphuno, m'ma sinus ndi kumaso, ndiye wodwala akamadandaula kupweteka kwa nkhope, diso kutupa kapena mukaona chikhungu chakuda m'mphuno kapena kumwamba m'kamwa, jambulani ma sinus ulendo womwewo. Komatu reversed halo imabweranso ndi organizing pneumonia (kutupa kwa mapapo kotsatira kuvulala kwawo) ya COVID-19 yomweyo komanso ndi infarct, malo aja ofa chifukwa chosowa magazi, ndiye iwerengeni pamodzi ndi mbiri ya wodwalayo. Kusiyanitsa aspergillosis ndi mucormycosis n'kofunika kwambiri chifukwa voriconazole, yomwe ndi mankhwala oyamba pa Aspergillus, siigwira Mucorales, pamenepo pamafunika liposomal amphotericin B ndipo nthawi zambiri opareshoni yochotsa mnofu wakufa.

Bowo lililonse si fangasi ayi. Bakiteriya ya Staphylococcus aureus imadziwika kalekale kuti imatsatira fuluwenza n'kuboola mapapo, Klebsiella ndi Pseudomonas nazonso. Ma nodule ambiri cham'mphepete ena ataboola ena ayi, onani central line, kapaipi kolowetsedwa mu mtsempha waukulu, angakhale ma septic emboli, timagazi toundana tonyamula majeremusi. Bowo kumtunda kwa mapapo pamodzi ndi tree-in-bud, yezani TB. Timatumba ta mpweya ta makoma opyapyala kwa munthu wa pa makina tingakhale ta presha ya makinawo. Ndipo ground glass ikachuluka chapakati ndi kumtunda, m'mphepete mwasiyidwa, mwina muli timatumba, kwa munthu wa HIV wa CD4 yochepera 200 kapena wa masiteroidi a nthawi yayitali, kumbukirani Pneumocystis, nayonso ndi fangasi ndipo imabisala bwino mkati mwa chithunzi cha COVID-19.

Mu lipoti tchulani lobe ndi segment, zigawo za mapapo, pomwe pali chokayikitsacho, kukula kwake, kuti ndi chatsopano kapena chinalipo pa sikani yakale, ndipo imbani foni musangodikira kuti awerenga. Wochita bronchoscopy, kuja kolowetsa kakamera mu njira za mpweya, amafuna kudziwa pokatsuka. Bronchoscopy imaonanso zomwe CT imaphonya, zilonda ndi zigamba zoyera zomatirira mu trachea ndi bronchi, zomwe zimapezeka kwambiri pa fuluwenza. Madzi otsukira aja apite ku maikulosikopu, culture, PCR ngati ilipo, ndi galactomannan, yomwe imachokera ku khoma la Aspergillus, mulingo wake womwe akatswiri a ECMM ndi ISHAM, mabungwe oona za matenda a fangasi, anagwirizana mu 2020 ndi 1.0 kupita m'mwamba mu madzi otsukirawo, otchedwa BAL, m'magazi kuposa 0.5. Samalani ndi ya m'magaziyo, kwa odwala COVID-19 imatuluka negetivu kwa ambiri omwe matendawa ali nawo. Pa Mucorales galactomannan ndi choyezera fangasi china cha beta-D-glucan zonse sizithandiza, pamafunika kuona fangasiyo pa maikulosikopu kapena mu biopsy, kamnofu kodulidwa kuti kayezedwe. Fangasi ya Candida ikamera m'makhololo musatengeke nayo, pafupifupi nthawi zonse imakhala ikungokhalamo, chibayo siinayambitse.

Wodwala akakhala kuti sangafike ku CT, musakhale manja lende kudikira kuti akhazikike, tengani zoyeza za m'njira ya mpweya pabedi pomwepo ndipo kambiranani zoyamba mankhwala ngati kukayikira kuli kwakukulu. Mukayamba mankhwala n'kubwereza sikani, dziwani kuti sabata yoyamba zotupazo zimatha kukula kaye kapena kuboola ngakhale mankhwala akugwira, ndiye musasinthe mankhwala chifukwa cha chithunzi chokha wodwala akamaoneka kuti akupezako. Chomwe chifunika changu ndi bowo kapena chibulumwa chomwe chayandikira mtsempha waukulu wa m'mapapo, chimenecho chingatulutse magazi ambiri mwadzidzidzi, auzeni a opareshoni ya pachifuwa tsiku lomwelo.