Akakana patenti yanu ya machine learning ponena kuti ndi ganizo chabe: momwe mungayankhire

Kalata yokana pempho lanu la patenti, chikalata cha boma choteteza luso latsopano, amaitcha Office Action. Imachokera ku USPTO, ofesi yoona za mapatenti ku America, ndipo anthu ambiri opanga mapulogalamu a machine learning, omwe kompyuta imaphunzira yokha kuchokera ku zitsanzo, amapezamo mawu amodzimodzi: zomwe mukufuna kuteteza ndi "abstract idea", kutanthauza ganizo chabe, chinthu chomwe lamulo sililola munthu mmodzi kuti achitsekere m'thumba mwake. Zimawawa. Munachezera masiku angati mukuphunzitsa kompyutayo, lero wina angoti ndi masamu basi?

Kukana kotereku si mapeto a pempho lanu. Zomwe ndikufotokoza apa ndi lamulo la ku America, ndipo zikukukhudzani ngati mukufuna chitetezo pa msika wa kumeneko, kaya mukukhala konko kapena munalowa kudzera mu PCT, pangano la mayiko ambiri la za mapatenti lomwe Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali nawo.

Choyamba, lembani tsiku

Kawirikawiri amakupatsani miyezi 3 kuchokera pa tsiku lomwe kalata yatumizidwa. Mutha kuwonjezera nthawi polipira, koma malire ake ndi miyezi 6; mukapyola apo pempho limatengedwa ngati mwalisiya. Ngati wopempha ndi kampani, yankho liyenera kusainidwa ndi loya kapena katswiri wolembetsedwa ku USPTO. Ngakhale mukupempha panokha, ndikukulangizani kupeza katswiri wotere, koma musangomusiyira zonse. Amene amadziwa momwe makinawo amagwirira ntchito ndi inu.

Chachiwiri, dziwani sikelo yomwe akukuyezerani

Gwero la zonse ndi gawo 101 la lamulo la mapatenti, pamodzi ndi zigamulo ziwiri za Khoti Lalikulu la America: Mayo mu 2012 ndi Alice mu 2014. Pa mlandu wa Alice khoti linati kutenga njira yakalekale yoyendetsera malonda kudzera mwa mkhalapakati n'kuiika pa kompyuta wamba sikuisandutsa luso latsopano.

Mu Januwale 2019 USPTO inakonza ndondomeko yomwe wounika pempho lanu amatsata, ndipo ili m'buku lawo la MPEP, gawo 2106. Amayamba wafunsa ngati claim yanu, ndiye kuti chiganizo chomwe chimaika malire a zomwe mukuteteza, ikutchula chimodzi mwa magulu atatu: masamu, njira zoyendetsera zochita za anthu monga malonda, kapena ntchito yomwe munthu angaichite m'mutu. Akapeza kuti ikutchula, amafunsa ngati ganizolo lagwiritsidwa ntchito pa chinthu chenicheni. Zikakanika apo, funso lotsiriza ndi lakuti kodi pali china choposa zomwe aliyense m'ntchitoyo amachita kale.

Tengani cholembera, dutsani m'kalatamo, ndipo pa mawu aliwonse a claim lembani gulu lomwe wawaika. Nthawi zambiri mupeza kuti wangokuta zonse ndi bulangete limodzi.

Chachitatu, tsutsani gulu ngati wakuikani molakwika

Ounika amakonda kunena kuti ntchito ya pulogalamu yanu munthu angaichite m'mutu kapena ndi pepala ndi pensulo. Funsani mwaulemu: angaichitedi? Mu Ogasiti 2025 ofesiyo inakumbutsa ounika ake kuti asamakulitse gulu limeneli mpaka kuphatikizamo zinthu zomwe ubongo wa munthu sungathe kuchita, komanso kuti azikana pokhapokha pamene kukanako kuli ndi mphamvu kuposa kuvomera.

Zitsanzo zomwe USPTO inasindikiza yokha ndi chida chanu pano. Chitsanzo 39 ndi cha kuphunzitsa neural network, pulogalamu yotsanzira kalumikizidwe ka ubongo, kuzindikira nkhope pa zithunzi, ndipo anati claim yake sikutchula ganizo chabe ngakhale pansi pake pali masamu. Chitsanzo 47, chomwe chinatuluka mu Julayi 2024, chili ndi claim ina yotchula mayina a njira zowerengera, backpropagation ndi gradient descent, ndipo imeneyo anati ikutchula masamu. Onani kusiyanako: kudalira masamu ndi kwina, kuwatchula ndi dzina mu claim ndi kwinanso. Ngati claim yanu ikufanana ndi 39, ikani ziwirizo pambali ndi pambali m'yankho lanu, mzere ndi mzere.

Koma musathere mphamvu zonse apa. Mapempho ambiri amapulumuka kapena kufa pa sitepe yotsatirayi.

Chachinayi, onetsani chomwe chasintha m'makinamo

Tinene kuti mwapanga pulogalamu yozindikira matenda a chimanga pa chithunzi cha tsamba. Claim yanu ikuti: landirani chithunzi, chilowetseni mu model (gawo la pulogalamu lomwe limaphunzira) yophunzitsidwa kale, onetsani dzina la matenda. Ndi ntchito yothandiza alimi, palibe angatsutse. Koma m'maso mwa lamulo mwangosonkhanitsa uthenga, kuusanthula ndi kuonetsa zotsatira, zomwe khoti la apilo la Federal Circuit linakana kale mu 2016 pa mlandu wa Electric Power Group.

Mu Epulo 2025 khoti lomwelo linalankhula mwachindunji za machine learning pa mlandu wa pakati pa makampani a Recentive Analytics ndi Fox. Mapatenti a Recentive anali ogwiritsa ntchito machine learning pokonza ndandanda ya zochitika ndi ya mapulogalamu a pa wailesi ya kanema. Khoti linati kutenga njira zodziwika kale n'kuzipititsa pa mtundu watsopano wa data, popanda kuonetsa chomwe mwakonza mu model yeniyeniyo, sikokwanira. Kunena kuti model imaphunzitsidwa mobwerezabwereza sikunawathandize, pakuti ndi momwe machine learning iliyonse imakhalira. Kunena kuti ndi yachangu kuposa munthu sikunawathandizenso.

Tsopano yang'anani mbali inayo. Mu Sepitembala 2025, pa nkhani ya Ex parte Desjardins, gulu lounikanso zigamulo ku USPTO lotsogozedwa ndi mkulu wa ofesiyo, John Squires, linachotsa kukana kwa gawo 101 pa pempho la kampani ya DeepMind. Vuto lomwe pempholo linkathetsa ndi lodziwika kwa aliyense wophunzitsa ma model: ukaiphunzitsa ntchito yachiwiri imaiwala yoyamba. Claim inafotokoza momwe amasinthira manambala a mkati mwa model mosamala kuti zomwe inaphunzira poyamba zisawonongeke, ndipo chikalata chofotokozera chinanena phindu lake, monga kuchepa kwa malo osungira. Gululo linatsamira pa mlandu wa Enfish wa 2016, womwe unavomereza kuti kukonza kagwiridwe ka kompyuta kudzera mu pulogalamu ndi luso loyenera patenti.

Ndiye bwererani ku chimanga chija mudzifunse moona mtima: ndi pati pomwe ndinavutika? Mwina model inkakana kulowa m'foni yotchipa ya memory yochepa, inu n'kupeza njira yoidulira popanda kutaya luso lake. Mwina zithunzi zojambulidwa dzuwa lili paliwombo zinkaisokoneza, inu n'kupanga kaphunzitsidwe kena. Patenti yanu ili pamenepo, osati pa chimangacho. Ambiri amabisa gawo limeneli chifukwa amaliona ngati laling'ono poyerekeza ndi loto lalikulu lothandiza alimi, chonsecho ndilo lokhalo lomwe wounika akufuna kuona.

Njira ina ndi kuonetsa zomwe makina amachita ndi zotsatirazo. Mu Chitsanzo 47 chomwe chija, claim yomwe inapitirira kuzindikira zachilendo pa netiweki n'kufika potaya mauthenga oopsa ndi kutsekereza komwe akuchokera inavomerezedwa, chifukwa inkalimbitsa chitetezo cha netiwekiyo.

M'yankho lanu chitani zinthu ziwiri pamodzi. Lozani ndime ya chikalata chanu yomwe ikufotokoza vuto la ukadaulo ndi momwe mwalithetsera, kenako lozani mawu a mu claim omwe akunyamula njirayo. Chimodzi chokha sichikwanira.

Chachisanu, konzani claim ndi zomwe munalemba kale

Mutha kusintha claim, koma gawo 132 la lamulo limaletsa kulowetsa zatsopano zomwe munalibe m'chikalata choyamba. Choncho werenganinso chikalatacho kuyambira tsamba loyamba, kuphatikizapo zojambula, mukufunafuna tsatanetsatane amene munangomutchula modutsa. Ngati mulibiretu, kuyankhula bwino sikungamubweretse. Mungapereke pempho lina lowonjezera, koma zatsopanozo zidzawerengedwa kuyambira pa tsiku latsopanolo.

Pa funso lotsiriza lija, wounika akanena kuti zina zonse mu claim ndi zachizolowezi, mupempheni umboni. Chichokereni mlandu wa Berkheimer mu 2018, ofesiyo imafuna kuti mawu oterowo azikhala ndi pomwe atsamira.

Chachisanu ndi chimodzi, lankhulani naye

Musanatumize yankho pemphani kukambirana ndi wounikayo pa foni kapena pa vidiyo. Mutumizireni claim yokonzedwayo pasadakhale, mufotokozereni vuto la ukadaulo m'mawu osavuta, kenako mufunseni mawu omwe akuona kuti akusowa. Theka la ola lotere limatha kupulumutsa miyezi yambiri yolemberana makalata.

Akakananso komaliza, pali njira ziwiri zodziwika: kulipira kuti aunikenso, komwe amakutcha RCE, kapena kuchita apilo ku PTAB, bungwe la oweruza la mu ofesi yomweyo. RCE imayenera pamene mukadali ndi zoti musinthe mu claim. Ngati claim ili bwino ndipo mwangosiyana pa kamvedwe ka lamulo, apilo ndiyo njira.

Chenjezo limodzi posankha mawu omaliza a claim: zitsanzo ndi malangizo a USPTO zimamanga ounika, sizimanga makhoti. Mapatenti anayi a Recentive anali atadutsa kale mu ofesiyo, ndipo anakafera kukhoti pamene kampaniyo inkafuna kuwagwiritsa ntchito pozenga Fox. Choncho ngakhale wounika wanu atavomera claim yotakata, siyani zina zopapatiza pansi pake zomwe zikutchula ndendende chomwe munakonza mu model.