Momwe mungayenderere damu lanu ladothi mvula isanayambe

Ngati muli ndi kadamu kadothi kopalasapo bwato kapena kuwedzamo nsomba, muzikayendera mvula isanayambe, komanso ikangogwa yamphamvu. Tengani kope ndi foni yojambulira.

Yambani ndi pamwamba pa khoma, muone ming'alu ndi malo otitimira. Damu likadzaza, pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma pazitsala mpata. Ine sindilola kuti uchepere mita imodzi.

Kenako tsikirani kuseri. Kachinyontho sikachilendo, koma madzi akamatuluka amatope ndiye kuti akukokolola dothi mkati mwa khoma. Itanani injiniya tsiku lomwelo. Pochepetsa madzi musaphwetse damu mwaphuma, chifukwa mbali yonyowayo ikhoza kugumukira mkati.

Tsopano ngalande yotayira madzi, pomwe ine ndinapsa nazo. Mkulu wina wogulitsa tiana ta nsomba anandinyengerera kuti nditchingepo sefa ya waya kuti nsomba zisathawe, sefayo n'kundigulitsa yekha pamtengo woboola m'thumba. Usiku wina mvula inakhuthuka, masamba ndi tinthambi n'kutseka sefa yonse. Kutacha ndinapeza madzi atatsala chikhatho chimodzi kuti adumphe khoma. Tinachita kulowa m'madzi olekeza m'chiuno n'kudula wayayo ndi pulayala, miyendo ili njenjenje.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamva za damu la South Fork ku Pennsylvania, m'dziko la America, lomwe linali la kalabu ya anthu olemera okonda kusaka ndi kuwedza. Nawonso anaika zotchinga nsomba potayira madzi, anatsitsanso khoma kuti msewu wa pamwamba ukule. Pa 31 Meyi 1889 madzi anasefukira pamwamba, khoma linagumuka, ndipo anthu 2,209 anafa m'tauni ya Johnstown, kumunsi kwa damulo, ndi m'midzi yoyandikana nayo. Ngalande yanga tsopano ili pululu, ndipo nsomba yofuna kupita izipita.

Zotsalazi n'zachidule. Pakhoma pazikhala kapinga wometedwa, osati mitengo, poti mizu ikaola imasiya njira ya madzi. Zitsa za mitengo ikuluikulu musazule nokha. Fufuzani chiswe ndi mauna a makoswe. Tsegulani ndi kutseka vavu ya paipi yotulutsira madzi m'damu kuti isachite dzimbiri. Funsani ku ofesi yoona za madzi ngati damu lanu liyenera kulembetsedwa ndi kuyenderedwa ndi akatswiri awo, ndipo sungani manambala a foni a anthu okhala kumunsi kwa damu.