Momwe mungasinthire lamba wa taimingi pa Corolla yakale pakhomo

Ma Corolla a zaka za m'ma 1990, aja a injini ya 4A-FE kapena 5A-FE, akadali mbwee m'misewu yathu. Lamba wa taimingi, amene amalumikiza crankshaft (shafiti ya pansi pa injini) ndi camshaft (shafiti ya pamwamba yotsegula mavavu), pa injinizi amasinthidwa akayenda makilomita 100,000, ndipo sachenjeza. Akaduka, galimoto imangozima pomwe muli, kaya ndi pakati pa chikweza chochokera ku Chikwawa. Yambani mwatsimikiza kuti yanu ndi ya lamba, chifukwa Vitz kapena Sienta ya injini ya 1NZ-FE imayendera tcheni.

Gulani lamba, tensioner (kagudumu kokunga lamba) ndi sipuling'i yake zonse pamodzi. Lamba watsopano pa tensioner yakutha ndi kutaya ndalama.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, chotsani waya wa negative pa batire, kenako kwezani kutsogolo n'kuchotsa tayala la kumanja. Musadalire jeki yokha, ndipo njerwa ayi ndithu, zimaphwanyika popanda chenjezo. Ikani chitsulo choimikirapo galimoto. Masulani pang'ono mabawuti a pulley (gudumu loyendapo lamba) ya pampu ya madzi malamba akunja asanachoke, apo ayi izingozungulira m'manja mwanu. Chotsani malambawo, mapulagi ndi chivundikiro cha pamwamba pa injini.

Apa ndiye pagona nkhani. Zungulizani crankshaft molowera momwe imayendera wotchi mpaka kamzera ka pa pulley kalunjike pa 0 wa pa chivundikiro cham'munsi. Suzumirani pa kabowo ka pulley ya camshaft: mkati mwake muyenera kuona chizindikiro chomwe chili kuseri kwake. Ngati sichikuoneka, zungulizaninso kamodzi. Jambulani ndi foni, ndipo donthezani penti yoyera pa zizindikirozo. Mudzazifuna manja atada, maso atatopa.

Bawuti ya pakati pa pulley ya crankshaft ndi yolimba kwabasi. Ngati galimoto ndi ya manual, ikani giya 5, mnzanu aponde buleki, inu mumasule ndi sipanala yoilumikiza ku paipi. Ya automatic imafuna chida chogwirira pulley. Njira yoikutumula ndi sitata ndimaikana, imavulaza anthu. Crankshaft ikasuntha pomasulapo, ibwezereni pa 0, kenako chotsani pulleyo.

Tchinjirizani injini ndi jeki, mutayika thabwa pansi pa sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), ndipo chotsani mounting (chogwirizira injini ku thupi la galimoto) ya kumanja ndi zivundikiro za pulasitiki. Kutsogolo kwa giya yaing'ono ya crankshaft kuli kambale kachitsulo. Onetsetsani momwe kakhalira: mbali yolowa ngati mbale imayang'ana kunja. Masulani tensioner, vulani lamba wakale, ndipo kuyambira pamenepa musazungulize kanthu.

Mukapeza oyilo m'malo amenewa, sinthani ma seal (mphira zotchinga oyilo kuti asadonthe) nthawi yomweyo. Oyilo amadya lamba.

Mangani tensioner yatsopano mutaikankhira kutali ndi lamba. Vekani lamba kuyambira pansi, mbali yopanda tensioner ikhale yokungika, osampinda kapena kumukakamiza ndi sikuludiraiva. Masulani bawuti ya tensioner kuti sipuling'i ikoke yokha, zungulizani crankshaft kawiri kathunthu, ndipo yang'anani zizindikiro zonse, cha m'kabowo kaja ndi cha pa giya yaing'ono chomwe chimalunjika pa thupi la pampu ya oyilo. Zikaphonyana ngakhale ndi dzino limodzi, vulani muyambirenso. Musanene kuti bola, chifukwa injini idzalira koma idzakhala yofooka komanso yomwa petulo.

Zikagwirizana, mangani tensioner pa 37 Nm (muyezo wa kulimba kwa bawuti), bwezerani kambale kaja ndi zivundikiro, ndipo bawuti ya crankshaft imangidwe pa 118 Nm. Bwerekani torque wrench, sipanala yoyeza kulimbako, kwa makaniko ngati mulibe. Bwezerani zonse zotsala, lizani injini, mvetserani ngati mukumveka kulira kwachilendo kumbali ya lambayo. Pomaliza lembani makilomita a tsikulo pa kapepala komata, mumate pa chivundikiro cha lamba.