Pofufuza za nyamakazi, odwala akhale anzanu pantchito

Inu amene mukukonza kafukufuku wa matenda a nyamakazi, musadikire kuti mafunso onse alembedwe ndiye muziitana odwala kuti adzangovomereza. Aitaneni tsiku lomwe mukuyamba kukambirana zoti mufufuze. Sindikunena za wodwala amene amatengedwa magazi ndi kupatsidwa mankhwala oyeserera ayi. Ndikunena za wodwala amene ali m'gulu lokonza ntchitoyo, amene mawu ake amamveka mofanana ndi a dokotala.

Izi si zongolemekezana chabe. Bungwe la OMERACT linayamba mu 1992 kuti akatswiri agwirizane zinthu zoyenera kuyeza pofufuza za nyamakazi, ndipo linatha zaka khumi odwala asanapondeko. Akatswiriwo ankawerenga malo olumikizira mafupa omwe atupa kapena akupweteka, kuyeza magazi, kufunsa za ululu ndi ntchito zomwe munthu akutha kugwira. Odwala ataitanidwa koyamba mu 2002, anatchula chinthu chomwe panalibe pamndandanda: kutopa. Ankanena kufooka komwe sikuchoka ngakhale munthu agone usiku wonse, koti kungosamba kokha mphamvu zatheratu. Pofika mu 2006 bungwelo linagwirizana kuti kutopa kuziyezedwanso poyesa mankhwala a nyamakazi yotupitsa molumikizira mafupa. Tangoganizani, madokotala omwewo ankaonana ndi odwala tsiku ndi tsiku! Vuto linali lakuti ankangomva mayankho a mafunso awo okha.

Musaitane wodwala mmodzi. Malangizo omwe bungwe la ku Ulaya loona za matenda a nyamakazi la EULAR linatulutsa mu 2011 ankati akhale osachepera awiri, ndipo ine ndikugwirizana nazo kwambiri. Munthu mmodzi pakati pa madokotala asanu amangoti zii. Komanso nyamakazi imakhala ndi nyengo zake: ikamugwira mwamphamvu sabata imeneyo, mpando wake ukhala wopanda munthu. Mutu umodzi susenza denga.

Msonkhano musauike m'mamawa, chifukwa ambiri amadzuka zala ndi mawondo zitauma ndipo zimatenga nthawi kuti zimasuke. Mapepala atumizeni kukadali masiku, olembedwa m'mawu omveka kwa aliyense. Abwezereni ndalama zoyendera, ndipo nthawi yawo muiwerengere ngati ntchito. Lembani poyera udindo wawo, kuti asamangoganizira okha zomwe mukuyembekeza.

Nanga agwire chiyani? Apatseni kalata yopempha chilolezo kwa odwala olowa m'kafukufukuyo aiwerenge, akuuzani pomwe sipakumveka. Afunseni ngati munthu wopweteka m'chiuno angathe kubwera kuchipatala kangapo pamwezi, ngati zala zopindika zingatsekule botolo la mankhwala mwasankhalo, ngati zingagwire cholembera mpaka tsamba lomaliza la mafunso. Zinthu zooneka zazing'onozi ndi zomwe zimachititsa anthu kusiya kafukufuku panjira. Mukakana maganizo awo, poti nthawi zina mudzakana ndithu, afotokozereni chifukwa chake.

Kwa inu odwala amene mwapemphedwa: simukufunika kudziwa zachipatala, koma muzicheza ndi odwala anzanu kuti musamangonena zanu zokha. Mawu akakupitirirani pamsonkhano, imitsani wolankhulayo afotokoze bwino. Musanavomere, funsani ngati dzina lanu lidzalembedwa pa lipoti, komanso kuti zotsatira zidzafika bwanji kwa anthu omwe anapereka magazi awo.