WiFi inkathawa pampu ikangolira

Kabokosi kamene ndinapangira amalume kudimba kwawo ku Msekera kanandisowetsa tulo masabata awiri. Ntchito yake ndi yochepa: ESP32, kakompyuta kakang'ono kokhala ndi WiFi, imayatsa ndi kuzimitsa pampu ya sola, iwo ali pakhonde ndi foni. Patebulo panga ku Kapata kankagwira bwinobwino. Kudimba, pampu ikangolira, WiFi yathawa.

Poyamba ndinkakayikira rauta yopereka WiFi, koma vuto linali pa bolodi yanga, pamene pamakhala tizipangizo tonse ta m'kabokosiko. Module ya ESP32 ndinaiika pakatikati, ndipo pansi pa antena, kamzere kokhotakhota kaja ka kumapeto, ndinayala kopa wa ground, wolumikizidwa ku negetivu ya magetsi. Kopayo amasokoneza antena, mphamvu yambiri osatuluka. Espressif, amene amapanga ESP32, amalangiza kuti antena ituluke kunja kwa bolodi, ndipo pozungulira pake pakhale mamilimita 15 opanda kanthu. Chinanso, buck converter yotsitsa magetsi kufika pa 3.3V inali pafupi kwambiri, koyilo yake ikufalitsa phokoso la magetsi pomwepo.

Ndinajambulanso bolodi. Antena ndinaitulutsa m'mphepete, converter ndinaikankhira kumbali ina, kenako ndinaika makapasita awiri okhazikitsa magetsi, 10µF ndi 0.1µF, mogundana ndi pini ya 3.3V. Mawaya a pampu ndinawapota n'kuwadutsitsa kutali.

Chimene chinandiwawa n'chakuti bokosi lachitsulo limene ndinawotcheretsa ndi ndalama zanga nalonso linkatsekereza mafunde a WiFi a 2.4 GHz. Nditabwera ndi lapulasitiki amalume anakayika: "Mphwanga, mvula silowa umu?" Ndinamata silikoni pamene mawaya amalowera, iwo akuyang'ana. Dzulo athirira mabedi onse a repu, foni sinadule ngakhale kamodzi.